Kupita ndi galu ku Mangochi: yankho kwa mayi a ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Ndingoifupikitsa. Pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, akufuna kupita ku Mangochi ndi ana awo kukacheza kwa alamu awo amene amakhala pa boma, kenako akagone masiku angapo pa loji ina m'mbali mwa nyanja. Ali ndi galu wamkulu ndithu, dzina lake Bruno, amene anamulera kuyambira ali kamwana, ndipo mnyamata amene amamusamala wapita kumudzi. Mawu awo omaliza ndi awa: "Galimoto tili nayo. Ndikuopa kumusiya chifukwa ndikachoka sadya. Kodi ndingamutenge?"

Mayi, zikomo kwambiri pondilembera. Kumutenga n'kotheka, koma woyamba kuvomera akhale alamu anuwo, ndipo muwaimbire foni lero lomwe. Musakangofika ndi galu pakhomo n'kumati adziwira pomwepo. Mukawaimbira musangofunsa kuti "kodi ndibwere naye?" chifukwa Mmalawi sakana mlendo, adzangoti "bwerani" mtima uli pena. Afunseni zinthu zooneka ndi maso. Nyumbayo ili ndi mpanda? Ndi ya pa mdadada kapena ndi yoyima payokha? Oyandikana nawo ali ndi mbuzi, nkhuku kapena abakha oyenda okha? Pakhomopo pali mtengo wa mthunzi? Pamayankho amenewo mudzamva nokha ngati Bruno ali wolandiridwa.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa Mangochi si Chilomoni. Anthu ambiri a boma limeneli ndi Ayao ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. M'chiphunzitso chimene Asilamu ambiri a kuno kwathu amatsatira, malovu a galu ndi najisi, kutanthauza chinthu chodetsa munthu pa chipembedzo. Chinthu chimene galu wanyambita chimayenera kutsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa maulendo amenewo ndi dothi. Ndiye taganizirani bambo wavala mkanjo wake woyera Lachisanu masana akupita ku mzikiti, Bruno n'kumuthamangira mwachikondi ndi kumunyambita dzanja kapena chovala. Kwa inu galu akusewera, koma bambo uja ayenera kubwerera kunyumba kukasamba ndi kusintha, mwinanso swala n'kumudutsa. Sikuti anthuwa amadana ndi agalu ayi. Alipo ndithu amene amaweta agalu olondera pakhomo ndi m'minda. Koma galu wolowa m'nyumba, wogona pa mkeka, wonunkhiza mbale ndi ndowa za madzi, ambiri sangamulandire, ndipo ali ndi chifukwa chawo chomveka. Kwa eni kulibe mkuwe. Ine ndimakonda agalu kwambiri, koma ndimamva chisoni ndikaona anzathu ochokera m'tauni akuseka munthu amene akuthawa galu wawo, n'kumati "saluma ameneyu". Munthuyo sanafunse ngati amaluma.

Choncho chinthu choyamba kulongedza m'chikwama ndi tcheni kapena chingwe cholimba ndi lamba wa m'khosi wosavuka. Bruno asayende yekha ngakhale kamphindi, kuyambira potsika galimoto mpaka tsiku lobwerera. Kumsika wa pa boma musapite naye n'komwe. Pali nsomba zoyalidwa pansi ndi pa mabenchi, pali akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, pali ana. Galu akangonunkhiza mulu wa usipa, mwini wake sangaugulitsenso kwa amene waona, ndipo adzakhala ndi ufulu wonse wokuuzani kuti mulipire. N'chimodzimodzi ndi mathandala oyanikapo nsomba m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Nanga akagwira nkhuku kapena mbuzi ya eni? Inu mudzalipira n'kubwerera ku Blantyre, koma alamu anu ndi amene adzatsale ndi dzina loipa kwa anansi awo, mwinanso mlandu mpaka kwa amfumu.

Tsopano za katemera. Pezani khadi lake la katemera wa chiwewe muone tsiku limene anabayidwa komaliza. Ngati chaka chatha, pitani naye kwa a vetenale sabata ino, musadikire dzulo lake la ulendo. Ngati sanabayidwepo chiyambire, dziwani kuti katemera amatenga masabata atatu kapena anayi kuti ayambe kuteteza bwino. Inu a ku Blantyre muli ndi mwayi chifukwa kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ambirimbiri kwaulere mumzindamo, ndipo kulinso bungwe losamalira ziweto la BSPCA. Ku midzi ya kunyanja agalu oyendayenda osabayidwa ndi ochuluka, ndipo usiku amabwera kudzafuna zotsala kuseri kwa makhitchini a malo ogona alendo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibenso mankhwala. Muli kwa a vetenale komweko, afunseni za kalata yoyendera ndi chiweto kuchoka boma lina kupita lina, kuti mukafunsidwa pa rodibuloko musachite chibwibwi. Khadi ndi kalatayo zikhale m'galimoto momwe mumasunga laisensi.

Zikachitika kuti Bruno waluma munthu, kapena mwana wanu walumidwa ndi galu wina, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Chipatala chachikulu cha boma chili pa boma pomwepo. Galu woluma asaphedwe kapena kubisidwa, amangidwe ndi kuonedwa kwa masiku 10, ndipo a vetenale adziwitsidwe. Apa ndi pamene khadi lija limakupulumutsani.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa zonse ndi mwezi umene mwasankha. Okutobala ku Mangochi dzuwa limaswa mtengo. Blantyre ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Mangochi ili m'chigwa, pansi pa mamita 500, ndipo masana kutentha kumapitirira madigiri 35 kawirikawiri. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa makamaka popuma atatulutsa lilime. Galu wamkulu, waubweya wambiri, wonenepa kapena wa mphuno yaifupi amavutika msanga. Nyamukani m'bandakucha kuti mudutse Zomba ndi Liwonde kunja kusanatenthe. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 190, ndipo gawo la kuchokera pa Liwonde kudzera pa Ulongwe ndi limene limatentha kwambiri. M'mawa wa ulendo musamupatse nsima yambiri, angasanze m'galimoto. Madzi okha mutenge m'zigubu, ndi mbale yake, muziima pena ndi pena pa mthunzi amwe ndi kutaya madzi ali pa tcheni. Musamuike m'buti yotseka. Ndipo chonde, mayi, musamusiye m'galimoto yoimika kuti "ndingogula zinthu pang'ono m'shopumu". Ngakhale mutatsitsa magalasi pang'ono, m'kati mwa galimoto mumasanduka uvuni pa mphindi zochepa, ndipo agalu ambiri afera momwemo.

Mukafika, nthawi yoyenda naye ndi m'mamawa ndi madzulo dzuwa litapendeka. Masana akhale pa mthunzi, madzi ali pambali. Musanamuyendetse pa tala kapena pa mchenga, ikani kuseri kwa dzanja lanu pansipo. Ngati simungapirire kwa kamphindi, ndiye kuti mapazi ake apsa. Mukaona akupuma mwawefuwefu osalekeza, dovu likuchucha, nkhama zafiira kwambiri, akudzandira poyenda, m'pititseni pa mthunzi msanga, m'thireni madzi ozizira bwino m'khosi, m'mimba ndi m'miyendo, m'kupizeni, ndipo funani dokotala wa ziweto. Nambala ya ofesi ya za ziweto ya pa boma muipeze tsiku lofika, musadikire vuto. Kuchipatala cha agalu chokhala ndi zipangizo zonse n'kutali, ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Ana adzafuna kumutengera kumadzi, ndikudziwa. Pa boma penipeni madzi amene mudzaone si nyanja, ndi mtsinje wa Shire, umene umatuluka m'nyanja ya Malawi n'kukalowa m'nyanja ya Malombe. Mumenemo muli ng'ona ndi mvuu, ndipo ng'ona imagwira galu mosavuta akamamwa madzi m'mphepete. Pa Shire ndi pa Malombe, Bruno asayandikire madzi, makamaka pamene pali bango ndiponso kukamada. Kunyanja yaikulu, pa mchenga woyera wa malo ogona alendo, akhoza kulowa pang'ono ngati eni malo avomera, koma afunseni ogwira ntchito pamalopo kapena asodzi ngati paoneka ng'ona masiku amenewo. Iwo amadziwa. Muyang'anenso pansi pamene mukuyenda. Asodzi amasiya mbedza zili ndi nyambo, zidutswa za ukonde ndi mitu ya nsomba yowola, ndipo galu amameza asanaganize. Mukamadya chambo chanu chootcha musamuponyere minga. Chakudya chake chikhale chomwe anazolowera kunyumba, kaya ndi mgaiwa wa bonya kaya ndi cha m'thumba chogula. Mutenge chokwanira masiku onse.

Pali kachirombo kena kamene anthu a m'tauni amakaiwala. Kumalo otentha a mchenga kuli ntchentche zimene zimaikira mazira pa dothi louma la pa mthunzi, makamaka pamene pali fungo la mkodzo. Galu akagona pamenepo, timphutsi timalowa pakhungu n'kupanga zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Mukaona chotupa chotere, pakanipo mafuta a Vaseline kuti kachiromboko kasowe mpweya, kenako finyani pang'onopang'ono, kadzatuluka. Kupewa kwake n'kosavuta: mutengereni chiguduli kapena thumba lake logonapo, agone pa simenti ya pakhonde, osati pa mchenga womwewomwewo tsiku ndi tsiku. Mumusambitsenso mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri musananyamuke, ndipo madzulo aliwonse muzimupapasa m'makutu ndi pakati pa zala.

Za malo ogona, imbani foni musanalipire, ndipo yankho lawo alilembe pa WhatsApp kuti mukafika pa geti mlonda asakubwezeni. Malo ambiri a m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay salola ziweto, ena amalola galu akhale panja pokha, ena ali ndi agalu awoawo amene sangakondwe ndi mlendo. Sabata ya Anakubala malo amenewa amadzaza, nyimbo zimalira usiku wonse, ana ali ponseponse. Galu amene sanaonepo chikhamu chotere akhoza kuchita mantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma. Ngati mungathe, funani kanyumba kapadera kokhala ndi mpanda wake. Ku Cape Maclear ndingakulangizeni kuti musapite naye. Dera lozungulira mudzi wa Chembe ndi la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Malo otetezedwa ngati amenewa si oyendamo ndi agalu. Kumenekonso kuli anyani ambiri, ndipo nyani wamphongo akhoza kung'amba galu ndi mano ake.

Malo oti n'kuyenda naye alipo ndithu. M'mamawa kusanatenthe, yendani naye pa tcheni mpaka pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ana aone mfuti yaikulu ya pa sitima ya Guendolen, imene mu 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi, aonenso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Muwauze kuti tauni imeneyi kale inkatchedwa Fort Johnston. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum muzilowa mosinthana, wina atsale panja ndi Bruno. Tsiku lina mukhoza kuwoloka mlatho n'kukwera mapiri a ku Namwera, kumene kumazizira bwino kuposa pa boma. Kulikonse kumene mungapite, yendani ndi jumbo yotolera zimene galu wachita. Pa mchenga umene inu mukuona ngati malo opumulira, amayi a m'mudzimo amatsukirapo mbale ndi kuchapirapo.

Mwanena kuti mukachoka sadya. Agalu ambiri amatero tsiku loyamba ndi lachiwiri, kenako njala imawabweza ku mbale, makamaka ngati womupatsayo ndi munthu amene amamudziwa. Ndiye nali ganizo langa. Ngati alamu anu ali ndi mpanda ndi mthunzi, avomera ndi mtima wonse, khadi la katemera lili bwino, ndipo loji yalemba kuti imulandira, m'tengeni, akasangalala ndi ana. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, m'siyeni ku Chilomoni. Kudakali nthawi, pezani m'bale kapena mnansi wodalirika ayambe kubwera madzulo aliwonse kudzamupatsa chakudya inu muli pomwepo, kuti pofika tsiku la ulendo akhale atazolowerana. Mumusiyire nambala ya dokotala wa ziweto ndi ndalama pang'ono. Mukafuna kudzapita naye ulendo wina, sankhani Juni kapena Julayi, nthawi ya mwera, pamene kunyanja kumazizira ndipo anthu amakhala ochepa.

Mundilemberenso mukalankhula ndi alamu anuwo, ndipo mundiuze ngati Bruno anakwerapo galimoto ulendo wautali. Ngati sanakwerepo, muyambe kumuzungulitsa nayo pang'onopang'ono sabata ino, kuchoka kunyumba kukafika ku Limbe ndi kubwerera.