Ka ampulifaya kanga kakungolira pu pu pu

FUNSO: Akulu, ndalumikiza ka ampulifaya ka LM386 pabodi, kakuimba ndithu koma ndikangokweza voliyumu kamayamba pu pu pu ngati njinga yamoto ili patali, ndipo ndikachotsa batire n'kuikapo chaja ya foni kumabweranso kamluzu kosatha. Kapasita ndinaika kale, yaikulu ya 1000uF, pomwe mawaya a magetsi akulowera. Ndalakwitsa pati? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene, kapasita yanuyo ilibe mlandu, vuto ndi pomwe mwaikhazika. Chip ya LM386 ikamaimba simakoka magetsi mofanana ayi, imatapa modzidzimutsa kutsatira nyimbo, ndiye waya ukatalika magetsi safika pa nthawi yake, voteji imagwa pang'ono, kugwa komweko kumabwerera ku input, polowera mawu, chip n'kukukuza ngati nyimbo, kenako yatapanso, yagwanso, basi ndi pu pu pu mukumvayo.

Pezani kakapasita ka seramiki kolembedwa 104, ndiye 100nF ameneyo, mukawotcherere pakati pa pini 6 (polowera magetsi) ndi pini 4 (giraundi, ndiye ku negativu). Pamiyendo penipeni pa chip, osati chapafupi. Miyendo yakenso dulani ifupike, masentimita 5 ndi kutali kale. Anthu amakanyoza chifukwa chochepa koma phokoso lothamanga kwambiri ndi komweko kamalimeza, yaikulu ija mkati mwake ndi chinsalu chokulungiza ndiye pa liwiro lotere imachita ulesi, ntchito yake n'kusunga magetsi oti bezi ikagunda chip ipeze potapa. Zimafunika zonse. Ya 1000uF isendezeni ifike pafupi, ngakhale 220uF ikwana ikakhala pabwino, bola musaitembenuze miyendo, imafufuma.

Pini 7 ndikukhulupirira mwangoisiya, ambiri amatero. Ikanipo 10uF kupita ku giraundi. Pa pini 5 potulukira mawu pamafunikanso rezista ya 10 ohm yotsatana ndi 47nF kupita ku giraundi komweko. Ndipo ngati munaika kapasita pakati pa pini 1 ndi 8 dziwani kuti chip ikukuza mawu ka 200 m'malo mwa ka 20, phokoso nalonso chimodzimodzi, yambani mwaichotsa mumve kaye.

China chomwe chimandinyansa pa mabodi ambiri ndi giraundi. Waya wobwerera kuchokera ku sipika umanyamula karenti yambiri, mukaudutsitsa kanjira kamodzi ndi giraundi ya input mwadziitanira nokha phokoso. Aliyense ayende yake, akakumane pamalo amodzi, pamwendo wa negativu wa kapasita yaikulu.

Za kamluzu mwadziyankha kale, pa batire kulibe ndiye mwini wake ndi chaja. Machaja amenewa amayatsa n'kuzimitsa magetsi maulendo masauzande ambiri pa sekondi ndipo otchipa samasefa bwino. Ka 104 kaja kachepetsako, kakapanda kutha yesani chaja ina musanayambe kugula ma ferrite bead, timikanda toveka pa waya tochepetsa phokoso.