Funsani Amakaniko: Shafiti ikugogoda, madzi akulowa m'boti

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ine ndimayang'anira boti la matanga la abwana anga kuno ku Senga Bay, ndi la mamita 9 ndipo lili ndi kainjini ka dizilo ka Yanmar mkati kamene timaliza pochoka, pofika kapena mphepo ikatithera panyanja. Vuto ndi loti chiyambireni mwera uno ndikangolowetsa giya kumbuyoku kukumamveka gu gu gu mpaka matabwa apansi kunjenjemera, komanso madzi akumalowera paja pamatulukira shafiti, m'mawa uliwonse ndikumakapa zidebe ziwiri. Nati yapamenepo ndamanga mpaka yafika pothera koma palibe chasintha, m'malo mwake pakumatentha. Mnzanga wina amene amakonza malole akuti tingopopelamo girizi basi zitheka. Nditero kodi? Wowerenga, Senga Bay.

YANKHO: Achimwene, choyamba siyani kumanga natiyo, ndipo girizi wa malole uja asayandikire n'komwe. Mnzanuyo sakukunamizani dala ayi, pa lole zimaterodi, koma beringi ya shafiti ya boti ndi yamtundu wina. Amaitchula kuti cutless bearing. Ilibe timipira tachitsulo mkati, ndi kapaipi chabe ka bulonzi kamene mkati mwake anamatamo labala wa mizeremizere, ndipo chimene chimaifewetsa ndi kuiziziritsa ndi madzi a m'nyanja momwemo akamadutsa m'mizere ija. Mukaikamo girizi mutseka njira ya madzi, labala atupa, zinthu ziipiraipira.

Mmene mwafotokozeramu kugogoda ndi kudonthako ndi matenda amodzi. Labala akadyeka shafiti imayamba kuvina, ndiye ikamavina imakumba pakingi, chingwe chija chozungulira shafiti chimene nati imapanikiza kuti chitseke madzi, inu mumanga nati, pakingi auma n'kutentha, kenako ayamba kudya shafiti yeniyeniyo, yomwe ndi yodula kuposa zonsezi. Kutentha mukunenako n'kumene kwandidetsa nkhawa ine.

Ntchito iyi siyapamadzi, boti lituluke kaye likhale pamtunda ataliikira zochirikiza bwinobwino. Likatuluka gwirani pulopela ndi manja awiri muikankhire m'mwamba ndi pansi, uku ndi uku. Ikamalira kho kho beringi yatha basi. Musanamasule kalikonse suzumirani pakati pa pulopela ndi beringi, pampata waung'ono paja. Panyanja yathu ino mdani wamkulu ndi ulusi wa maukonde ndi wa mbedza. Ine ndinachotsapo nayiloni amene anazengezeka pashafiti mpaka kusungunuka, anauma gwa ngati mphete ya pulasitiki, ndipo anali atatseka mizere yonse moti labala anapsa n'kumanyenyeka m'manja ngati makala. Mdani wachiwiri ndi mchenga, maka mukamaliza injini pamadzi osaya pafupi ndi gombe mwera utavundula.

Pomasula yambani ndi pulopela. Ili pansonga yosongoka ya shafiti ndipo imagwira zolimba, ndiye pezani pula, chida choikokera, musaimenye ndi hamala chifukwa nkhonya zonsezo zimakathera mu giyabokisi. Kakiyi, kachitsulo kamene kamagwirizitsa pulopela ku shafiti, kasungeni m'chitini pamodzi ndi nati. Mkati mwa boti lembani chizindikiro pa kapulingi, mbale ziwiri zolumikiza shafiti ku giyabokisi, mbali zonse ziwiri musanachotse mabawuti, kuti pobwezera zikakumane mmene zinalili. Kuchotsa kapulingi pashafiti ndi pamene anthu ambiri amatherapo tsiku, thirani mafuta omasulira dzimbiri dzulo lake. Maboti ena chiwongolero chimatsekereza shafiti kuti isatulukire kumbuyo, likakhala lotero lanulo ndiye chiwongolero chitsike kaye, palibe kuchitira mwina.

Shafiti ikatuluka fufuzani timasikuluwu ting'onoting'ono m'mbali mwa chogwirira beringi, nthawi zambiri timakhala tiwiri ndipo timabisala mu penti, palani kaye mutione. Mukatichotsa lowetsani mpeni wa sowo yodulira zitsulo mkati mwa beringi, mucheke chamulitali malo awiri, pang'onopang'ono, mukumaima n'kumayang'ana kuti musacheke nyumba yake. Mukatero pindirani chidutswacho mkati ndi tchizulo, yotsalayo imangosololoka.

Tsopano pogula apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Yezani ndi veniya, chida choyezera chimene chimaonetsa ngakhale tizigawo ta milimita, osati tepi. Pali shafiti ya mamilimita 25 ndipo pali ya inchi imodzi yomwe ndi mamilimita 25.4, pamaso zimaoneka chimodzimodzi koma beringi ya inayo pa inzake siigwira ntchito, ina ithina ina igwedera kuyambira tsiku loyamba. Muyeze zitatu, kunenepa kwa shafiti, kukula kwa bowo lolowamo beringi ndi kutalika kwake. Zinthu izi kawirikawiri timachita kuitanitsa kunja, ku South Africa kapena ku UK, ndiye kulakwitsa namba ndi mwezi wina boti lili pamtunda. Auzeni abwana aitanitse ziwiri ina isungidwe. Shafiti nayo muiyendetse chala paja pamakhala pakingi ndi beringi, chikhadabo chikamakodwa m'ngalande ndiye kuti yadyeka, ndipo muigubuduze pamalo osalala muone ngati siyopindika. Kuika labala watsopano pa shafiti yokumbika ndi kutaya ndalama.

Beringi yatsopano igone mufiriji usiku wonse kuti ichepeko pang'ono, m'mawa muikokere m'malo mwake ndi chibawuti chachitali chamazinga, mawashala akuluakulu uku ndi uku, mukumanga nati pang'onopang'ono. Osaikhomera. Polowetsa shafiti pakani sopo wotsukira mbale pa labala, sopo basi.

Kumbali ya madzi olowa, poti mwati pali nati yomanga ndiye kuti njira yanu yotsekera madzi ndi yachikale ya pakingi, ndipo ine kwa boti la kuno ndimaikonda yomweyo chifukwa munthu umaikonza wekha ndi sipanala ziwiri. Kokani pakingi yense wakale ndi kawaya kokowa, muwerenge mphete zimene zatuluka, zimakonda kukhala zitatu, ndipo yamkati kwambiri imakanirira anthu n'kuisiya. Watsopano muduliretu mphete payokhapayokha pozunguliza pashafiti, osati kukulunga chingwe chimodzi ngati mukumanga mtolo, ndipo molumikizira mwake musayang'anizane, mphete iliyonse muitembenuzeko. Onaninso paipi ya labala yonenepa imene imagwira zonsezi ku boti, ikakhala ndi ming'alu isintheni pompano shafiti ili kunja, ndi makilampu awiriawiri mbali iliyonse. Paipi imeneyo ikang'ambika muli pakati pa nyanja si za zidebe ziwirinso ayi, boti limamira.

Abwana akafuna zotsekera madzi zamakono zosadontha zilipo, monga ya mtundu wotchedwa PSS kapena ya labala ya kampani ya Volvo Penta, n'zabwino ndithu koma zili ndi malamulo ake. Ya Volvo imafuna girizi wake wapadera chaka chilichonse, kuisintha pakatha zaka 5, komanso boti likangolowa m'madzi umayenera kuifinya kuti mpweya utuluke mpaka madzi aoneke, ukaiwala imayenda youma n'kupsa.

Mukabwezera boti m'madzi musathamangire kumanga kapulingi kotheratu. Lisiyeni tsiku limodzi kapena awiri likhazikike, mlongoti utaimikidwa zingwe zake zitakungidwa, chifukwa boti pamtunda ndi pamadzi silikhala chimodzimodzi. Kenako yezani mpata wa pakati pa mbale ziwiri za kapulingi ndi fila geji, timapepala tachitsulo toyezera mpata tija, pamwamba, pansi ndi m'mbali monse. Pa kapulingi ya mamilimita 100 kusiyana kusapitirire mamilimita 0.1. Zikasiyana sunthani injini pa miyendo yake mpaka zilingane, ndipo muone ngati labala wa miyendoyo sanafwafwanike, chifukwa injini yokhala mopendama ndi imene imadya beringi mbali imodzi. Beringi yakale ija mukaichotsa iyang'aneni, ikuuzani yokha.

Nati ya pakingi mangani ndi dzanja kaye, lizani injini mulowetse giya boti lili chomangirira. Shafiti ikamazungulira pazidontha madontho awiri kapena atatu pa mphindi, ikaima pasadonthe kapena padonthe mwa apo ndi apo. Pakatha mphindi 15 zimitsani injini mugwirepo ndi dzanja, pakhale pofunda chabe, pakakuotchani bwezani nati pang'ono muyesenso. Pakingi watsopano amakhazikika pakapita maola angapo, ndiye sabata yoyamba muzipayang'ana ulendo uliwonse, ndipo mudzandilembere kuti labala wakaleyo munamupeza atadyeka mbali iti.