Musanagule thumba lina la feteleza

Bambo wina wa ku Khombedza wafunsa kuti: "Alangizi, feteleza ndimathira chaka chilichonse koma nkhokwe siidzaza. Ndiwonjezere matumba?" Mayi wina wolima mpunga ku Lifuwu naye akufuna kudziwa ngati njira yotchedwa lean ingathandize mlimi wa ekala imodzi.

Njirayi inayambira kufakitale ya magalimoto ya Toyota ku Japan. Mfundo yake ndi yakuti ntchito kapena chinthu chilichonse chimene chikudya ndalama ndi mphamvu koma osawonjezera phindu chichotsedwe. Kumunda zoterezi zilipo zambiri.

Bambo, musawonjezere kaye matumba. M'minda yambiri kuno ku Salima ndimapeza yureya ali mbuu pamwamba pa mzere, osakwiriridwa. Mu feteleza ameneyu, magawo 46 mwa 100 ndi nayitrojeni, ndipo akakhala poyera padzuwa lakunyanja kuno gawo lina limauluka ngati mpweya. Mvula yamphamvu ikagwa, wotsalayo amakokoloka kupita kumitsinje mpaka kunyanja. Ndalama zanu zapita, madzinso mwawaipitsa. Boolani kadzenje pafupifupi masentimita 10 kuchokera paphata la chimanga, thirani ndi kukwirira. Chitani izi pakatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, dothi lili lonyowa, ndipo mutapalira kale. Mukathira m'munda wa udzu, amene akhute ndi udzuwo.

Mbewu nayonso imapita chabe mukamaponya njere zinayi phando limodzi. Njira ya Sasakawa ndi njere imodzi paphando, mapando atalikirane masentimita 25, mizere masentimita 75.

Za mapesi ndatopa nako kunena. Anyamata amayatsa munda wonse pofuna mbewa zochepa, manyowa amene akadasunga chinyezi m'dothi lathu lamchengali n'kusanduka phulusa. Mitengo ya msangu isiyeni ikhale, chifukwa imayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo siphimba mbewu.

Mayi a ku Lifuwu, njira ya lean ingakuthandizeni ndithu, ndipo siifuna makina. Gulani kope, muzilemba chilichonse chimene mwalipira: mbewu, aganyu, ngolo, chigayo. Pokolola muona nokha pamene ndalama zikuthawira. Pa mpunga zambiri zimatayika kumapeto. Mukachedwa kumweta umayoyokera m'munda, mbalame n'kumakondwa, ndipo wouma kwambiri umasweka pachigayo, ogula n'kutsitsa mtengo. Pomenya ndi poyanika yalani lona, osati padothi. Madzi m'ndime akakwana tsekani ngalande kuti a kumunsi nawonso alandire.