Yambani ndi kathipoti koyera ka porcelain, ka Yixing kadikire

Achemwali, mwafunsa ngati nkwabwino kugula kathipoti ka porcelain kapena ka dongo la Yixing kuti muzipangira masamba a ku China amene mwapatsidwa, omwe ndi Tieguanyin ndi Longjing, komanso mukufuna kudziwa kukula koyenera poti nthawi zambiri mumamwa muli awiri. Malangizo anga ndi akuti mugule ka porcelain koyera, kopanda zojambula mkati, kolowa madzi apakati pa mamililita 120 ndi 150. Ka Yixing kadikire mpaka mutadziwa tiyi amene mtima wanu wakhazikikapo.

Chifukwa chake chili m'dongo lenilenilo. Porcelain amapangidwa ndi dongo loyera lotchedwa kaolin, dzina lochokera ku Gaoling pafupi ndi mzinda wa Jingdezhen m'chigawo cha Jiangxi, ndipo amaotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300 mpaka pamwamba pake pamasalala ngati galasi. Kathipoti kotere sikamwa madzi ndipo sikasunga fungo, choncho mukakatsuka mutapangira Tieguanyin m'mawa, madzulo mutha kupangiramo Longjing ndipo aliyense adzamveka monga alili. Dongo la ku Yixing, m'chigawo cha Jiangsu, silipakidwa chonyezimira chilichonse, lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timamwa fungo la tiyi pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake eni ake amasunga kathipoti kamodzi ka mtundu umodzi wa tiyi basi. Masamba anu awiriwo ndi osiyana kwambiri, Tieguanyin ndi oolong (tiyi wa pakati pa wobiriwira ndi wakuda) wa ku Anxi m'chigawo cha Fujian, Longjing ndi tiyi wobiriwira wa ku Hangzhou, moti kuwasakaniza m'dongo lomwa fungo kungakhale kuwononga onse awiri. Onjezaninso kuti timathipoti tambiri togulitsidwa m'dzina la Yixing ndi tachinyengo, ndipo munthu wongoyamba kumene sangazindikire.

Kuchepa kwa kathipotiko kusakudabwitseni. Kapangidwe ka tiyi kotchedwa gongfu, komwe kadakhazikika ku Chaozhou m'chigawo cha Guangdong, kamafuna masamba ambiri, madzi ochepa ndi nthawi yochepa. Mumaika magalamu 6 kapena 7 a masamba m'mamililita 120 a madzi, mumadikira masekondi 15 kapena 20, kenako mumakhuthula tiyi yense osasiyamo ngakhale dontho, ndipo masamba omwewo mumawathiranso madzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mukuwonjezera nthawi pang'ono ulendo uliwonse. Mukagula thipoti yaikulu ya mamililita 400, mudzakakamizika kuthira masamba ochuluka kwambiri, kapena mudzasiya madzi mkati ndipo tiyi adzayamba kuwawa musanamalize kapu yoyamba.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa kathiridwe, chifukwa kathipoti kokongola kothira pang'onopang'ono n'kopanda ntchito pa tiyi woyenera kukhala m'madzi masekondi ochepa chabe. Ngati mukugula pamaso, pemphani wogulitsa akuloleni kuthiramo madzi, ndipo muwerenge nthawi imene katenge kuti kakhuthuke konse. Kakapitirira masekondi 10 kapena 12, kasiyeni. Onani ngati madzi akutuluka mowongoka osayenderera pansi pa mlomo wake. Pa chivundikiro pamakhala kabowo kolowetsa mpweya: katsekeni ndi chala mukuthira, ndipo ngati madzi aima kapena achepa kwambiri, ndiye kuti chivundikirocho chikugwira bwino. Suzumiraninso mkati pamene mlomo wayambira. Pena pamakhala bowo limodzi lalikulu, pena timabowo tambiri, pena kasefa kozungulira kotuluka ngati theka la mpira. Bowo limodzi limatsekeka msanga ndi tsamba limodzi lokha, pamene timabowo tambiri kapena kasefa kaja zimalola madzi kudutsa ngakhale masamba atafufuma. Nkhani ya kufufumayi ndi yaikulu pa Tieguanyin, amene amabwera atapindidwa ngati timibulu koma akanyowa amatambasuka n'kudzaza kathipoti konse, choncho sankhani ka mimba yozungulira ndi kukamwa kotakata kuti masamba atuluke mosavuta potsuka. Ngati mukugula pa intaneti, pemphani kanema woonetsa kathipotiko kakuthira madzi, ndipo wogulitsa wokana kutero musamukhulupirire.

Za kumene kadapangidwa, porcelain woyera wa ku Dehua m'chigawo cha Fujian ndi wa ku Jingdezhen onse ndi abwino, ndipo ine ndimakonda wa ku Dehua chifukwa kuyera kwake kumaonetsa msanga ngati mkati mwatsala litsiro. Koma musalipire ndalama zambiri chifukwa cha chidindo chapansi, pakuti chidindo aliyense atha kuchisindikiza. Chofunika kusamala nacho ndi utoto. Zojambula za buluu zimene zili pansi pa chonyezimira zilibe vuto, koma utoto wowala wofiira, wachikasu kapena wagolide wopakidwa pamwamba nthawi zina umakhala ndi mtovu, makamaka pa ziwiya zotsika mtengo kapena zakale. Sisitani ndi chala: ngati chojambula chikumveka chotukuka ndipo chili mkati kapena pamlomo, musagule.

Porcelain wopyapyala amataya kutentha msanga, ndipo izi zimathandiza Longjing amene amafuna madzi a madigiri pafupifupi 80. Mutha kusiyanso chivundikiro chotsegula kuti masamba asapse. Tieguanyin yekha amafuna madzi ongotsala pang'ono kuwira, choncho yambani mwathira madzi otentha m'kathipoti kopanda kanthu, mukhuthule, kenako muike masamba. Madzi aziwira mu ketulo, ndipo kathipotiko kasakhale pa mbaula kapena pa sitovu ngakhale kamodzi, chifukwa kadzang'aluka. Potsuka madzi otentha ndi okwanira, ndipo mkati mukayamba kuda, soda pang'ono ndi kansalu kofewa zimachotsa.

Ena adzakuuzani kuti mugule gaiwan, kambale kokhala ndi chivundikiro ndi sosala, ndipo sakulakwa, chifukwa n'kotsika mtengo ndipo kamakhuthuka mwamsanga kuposa thipoti iliyonse. Komabe kamaotcha zala mpaka dzanja litazolowera, ndipo poti mwanena kuti mumapangira mnzanu womwa naye, chogwirira cha kathipoti chidzakupatsani mtendere. Ndalama yotsalayo mugulire kajagi kakang'ono kothiramo tiyi musanagawe m'makapu, kuti nonse awiri mulandire tiyi wofanana mphamvu, popeza woyamba kutuluka amakhala wopepuka ndipo womaliza amakhala wolimba.

Masamba a ku China akadzatha, musathiremo tiyi wathu wogayidwa wa m'mapaketi, chifukwa tizidutswa take timatseka timabowo tija ndipo amawawa msanga akachuluka chonchi. Funani masamba athunthu. Esiteti ya Satemwa ku Thyolo imapanga oolong, tiyi wobiriwira ndi tiyi woyera wa masamba athunthu, ndipo onsewa amapangika bwino m'kathipoti komweko pa muyeso womwewo wa magalamu 6 kapena 7.