Mfundo yapakati pa mzere inandichititsa manyazi

Asisi amene ulusi wakutherani pakati pa mzere mukuluka, ikani kaye sizasiyo pansi! Mfundo mukufuna kumanga pakati pa mzereyo ndi yomwe inandiliza ine.

Unali mwezi wa June, kukuzizira koopsa, ndikuluka shawelo yoyera ya mwana wa mlamu wanga. Ulusi unandithera pakati penipeni pa mzere, usiku, magetsi atathima, ndikuunikira ndi foni. Ndinangotenga mpukutu wina, kumanga mfundo, n'kudula timichira tonse pafupi kuti tisaoneke. Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta shaweloyo inali itachapidwa kamodzi kokha. Akumufunditsa mwana pamaso pa apongozi ndi amayi akumpingo, kaphazi kanatulukira pabowo! Masitichi anali atamasuka kutsika mizere 6, pakuoneka ngati makwerero. Ndiye mlamu wangayo, m'malo mondiitanira pambali, anainyamula m'mwamba, amvekere, "Akatswiri athu aja ndi amenewa." Anthu kuseka. Ine thukuta kamukamu kukuzizira konse kuja. Munthu sanandipatse ngakhale 1 tambala, ulusi ndinagula ndekha, masabata 3 ndikugona mochedwa. Mpaka lero sindinamulukirenso kanthu, ndipo asayembekezere.

Wam'sitolo yemwe anandigulitsa ulusiwo ku Limbe nayenso Mulungu amuone. Ndinamufunsa bwinobwino ngati mpukutu wachiwiriwo unali wofanana ndi woyamba, iye, "Ndi womwewo mayi." Titayanika padzuwa, mbali ina yoyera mbee, ina yonkera kuchikasu. Muziona nambala ya dye lot, yosonyeza ulusi womwe unanyikidwa mu utoto nthawi imodzi, pakapepala kokulunga ulusi kaja, nambala ya mtundu payokha sikwanira.

Inuyo chitani chonchi. Mukaona kuti ulusi wotsala sukukwana kutalika kwa mzere wanu kanayi, musauyambe mzerewo. Lumikizani kumphepete. Siyani mchira wa masentimita 15 ku wakale, wina wotero ku watsopano, n'kungopitiriza kuluka. Sitichi yoyamba izioneka yolobodoka, musade nkhawa, mudzaikoka pomaliza. Kenako michirayo muilowetse ndi singano yobuntha kuseri kwa choluka chanu, wina uku wina uko. Pa juzi ndiye zosavuta, imabisala mumsoko. Zija mumaona pa YouTube zonyowetsa nsonga ndi malovu n'kufikisa m'manja zimagwira pa ubweya weniweni wa nyama basi, monga wa nkhosa. Wa acrylic timagula kunowu mudzafikisa mpaka manja kutentha, sugwirana.

Koma ndisakunamizeni, pa zipewa ndimamangabe mfundo, ija amati magic knot, chifukwa chipewa choluka mozungulira chilibe mphepete, komanso kulowetsa michira kumanditopetsa. Ndimaikoka mwamphamvu kaye ndisanadule, ikagwira ndimapitiriza. Sinandimasukirepo. Ndiye ngati mukulukacho ndi chanu chomwe, mangani, palibe akakumangeni. Ngati ndi cha kuchilamu, masulani theka la mzerelo mubwerere kumphepete.