Kuphunzira mawu a Chingerezi powerenga nkhani zakale za Ahindu

Mwafunsa ngati kuwerenga malemba a Ahindu omasuliridwa m'Chingerezi kungakuthandizeni kudziwa mawu ambiri. Kungathandize ndithu, koma zimadalira buku limene mwasankha, pakuti malembawa analembedwa m'Chisanskrit, chinenero chakale cha ku India, ndipo Chingerezi chimene mukuwerengacho n'cha womasulira. Mahabharata, nkhani yaitali ya nkhondo ya pachibale, imene Kisari Mohan Ganguli anamasulira pakati pa 1883 ndi 1896, yadzaza ndi mawu akalekale monga thou ndi hath, omwe mutawalemba m'kalata yofunsira ntchito lero, anthu angokudabwani. Ndi bwino kuyamba ndi Ramayana (nkhani ya mwana wa mfumu dzina lake Rama) yachidule ya R. K. Narayan, yomwe inatuluka mu 1972, chifukwa ziganizo zake n'zosavuta, ndipo mawu onena za nkhondo, ufumu, malumbiro ndi kupirikitsidwa kwa Rama kunkhalango kwa zaka 14 amabwerezedwa mpaka kukhazikika m'mutu. Bhagavad Gita, yomwe imafotokoza ziphunzitso za chipembedzo cha Ahindu, ngakhale ili ndi mitu 18 yokha ndi ndime 700, muyambe mwaisiya kaye, popeza nkhani zake n'zozama, ndipo mawu ena monga dharma (udindo ndi khalidwe loyenera) omasulira ambiri amangowasiya mmene alili. Mawu atsopano muziwalemba m'kope pamodzi ndi chiganizo chonse chimene mwawapezamo.