Khansa ya mayi anu simungatengere powasamalira

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Mwafunsa ngati mungatengere khansa ya khomo la chiberekero powasambitsa ndi kuwachapira, poti adokotala akuti inayamba ndi kachilombo. Ayi ndithu. Asambitseni, idyerani nawo mbale imodzi, musawapatulire kapu yawoyawo. Chimene chimapatsirana ndi kachilombo ka HPV, ndipo njira yake ndi kugonana. Khansayo siyichoka mwa munthu kukalowa mwa wina.

Kachilomboka n'kofala zedi, moti ngakhale mayi amene anadziwa mwamuna mmodzi yekha moyo wake wonse akhoza kukhala nako. Wina asayerekeze kuwanena mayi anu kuti ankayendayenda, zimenezo zimandiwawa kwambiri. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri, mwiniwake osadziwa n'komwe.

Vuto limadza kakakanirira. Maselo a m'thupi ali ndi alonda amene amawaletsa kuswana mwachisawawa, ndipo selo likawonongeka amalipha. HPV imapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7, amene amamanga manja alondawo. Zikatero maselo owonongeka amangoswana, zolakwika n'kumaunjikana pang'onopang'ono, mpaka pakatha zaka 15 kapena 20 pamatuluka chotupa. Mwa amayi 10 odwala khansayi, pafupifupi 7 imakhala itayamba ndi mitundu iwiri yokha ya HPV, 16 ndi 18. Kwa amene ali ndi HIV zimafulumira, zaka 5 mpaka 10 zokha, chifukwa chitetezo chofooka chimalephera kukachotsa. Ndiye amene ali pa ma ARV asamadumphitse. Tizilombo tina timachitanso zofanana, monga hepatitis B imene imabweretsa khansa ya chiwindi.

Zaka zonsezo mayi samva kupweteka kulikonse, ndipo nthawi yokayezetsa ndi imeneyo. Anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, pamene payamba kudwala pamayera mbuu, ndipo m'zipatala zambiri amawotchapo ndi kachipangizo tsiku lomwelo, inu n'kubwerera kunyumba. Musadikire kuona magazi mukakhala malo amodzi ndi amuna anu kapena chikazi chonunkha, apo zikhoza kukhala zitapita patali.

Ngati muli ndi mtsikana wa zaka 9 mpaka 14, mupite naye akabayitse katemera wa HPV. Kuno ku Malawi anayamba kumupereka dziko lonse mu 2019, ndipo ndi waulere. Zoti amatseka mimba ndi bodza. Inuyo ndi azichemwali anu mukayezetse sabata ino, pa ulendo womwewo wokaperekeza mayi kuchipatala.